Za Mau Akuti "Si Munthu", ndi Ofufuza Nzeru a Masiku Ano

Aphunzitsi ndi akatekisiti amene awerenga masamba awa adziwa kuti ntchito yathu ndiyo kusanthula mau a chinenero chathu, pamodzi ndi miyambo imene ikhala m'kati mwa mauwo. Kale munda umenewu unali wa osonkhanitsa mau okha. David Clement Scott, pokhala pa Mishoni ya Blantyre, anatola mau a Chimang'anja natulutsa buku lake lalikulu m'chaka cha 1892. Alexander Hetherwick analikonzanso, ndipo linatuluka m'chaka cha 1929. Koma tsopano alowamo antchito ena, ndiwo ophunzira nzeru zakuya zimene azitcha filosofi, ndipo agwira makasu athu omwewo. Kuyenera kuti tione malimidwe awo.

Njira yawo ndi iyi: m'malo mofunsa mabuku a ku Ulaya kuti munthu nchiyani, kapena choonadi nchiyani, afunsa chinenero chimene anayamwira. Wansembe wa ku Rwanda, Alexis Kagame, anayesa njirayi m'chaka cha 1956, pofufuza nzeru za anthu a kwawo m'magulu a maina a Chinyarwanda. Kuno kwathu Didier Kaphagawani, amene anaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, anaonetsa kuti liu lathu lakuti "zoona" lichokera ku mneni "kuona", kotero kuti Mchewa akati chinthu nchoona, pansi pa liulo pali maso ndi mboni. Pambuyo pake Grivas Kayange, wa ku Zomba komweko, anatulutsa m'chaka cha 2018 buku lotchedwa Meaning and Truth in African Philosophy, m'mene asanthula miyambi, zilapi ndi zoletsa za makolo, nafunsa kuti tanthauzo lake lifika bwanji kwa womva. Ife tiyamika njira imeneyi. Iposa ija ya alendo amene anayamba ndi ganizo lawo, nafuna mau athu pambuyo kuti awachitire umboni.

Liu limene ofufuza alikonda koposa onse ndilo "umunthu". Taonani kapangidwe kake. Tsinde ndi -nthu, ndipo pa tsinde limodzi lomweli pamera munthu, chinthu ndi kanthu. Azulu anena ubuntu, kulumikiza ubu- ku tsinde lenileni. Koma ife titenga dzina lathunthu "munthu" ndi kuikapo u- pamwamba pake, monga tichita ndi "uchitsiru". Mu- uja satayika. Ndiko kunena kuti khalidweli silisiyana ndi mwini wake.

Tsono pali mau ena amene mwana aliyense wa ku Ndirande awadziwa: "Uyu ndi munthu", ndiponso "Uja si munthu." Wonena mauwa sakayika kuti winayo ali ndi mutu ndi miyendo, aweruza mtima wake. Pa mau otere anzeru a ku West Africa anatsutsana zaka zambiri. Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria analemba m'chaka cha 1984 kuti munthu sabadwa ali munthu wathunthu, koma afikapo pang'onopang'ono mwa kukhala bwino ndi anzake, ndipo akhoza kulephera. Kwame Gyekye wa ku Ghana anakana, nati khanda lomwe ndi munthu, ndipo mudzi ungoumba khalidwe lake. Akatekisiti adziwa kuti nkhaniyi si ya m'mabuku mokha, pakuti amakumana ndi mwambo wa mtayo, pamene mwana wobadwa wakufa aikidwa ndi amayi okha popanda kulira maliro, ndipo mayi wake afunsa ngati amene anamsenza miyezi yonse ija anali munthu.

Apa ndipo tipeza chosowa m'ntchito ya ofufuza. M'mabuku amene tawerenga ife, umboni wochuluka uchokera ku miyambi: "Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu", ndi ina yotere. Miyambi ndi yabwino, koma inaumbidwa m'mudzi, m'mene aliyense ali ndi malume ake, nkhoswe yake ndi mfumu yake. Kumudzi, akulu akanena kwa mnyamata kuti "iwe si munthu", ndi chidzudzulo chokhala ndi khomo lobwererapo. Mlandu upita kubwalo, abale alipa nkhuku kapena mbuzi, ndipo wolakwayo adyanso nsima ndi anzake. Mauwo aluma, koma sapha.

Nanga ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Machinjiri? Kumeneko Mlomwe wa ku Mulanje, Myao wa ku Mangochi, Msena wa ku Nsanje ndi Mtumbuka wa ku Rumphi atunga madzi pa mpopi umodzi, nalipira lendi kwa mwini nyumba mmodzi. Sitinena kuti umunthu unatsala kumudzi, iai. Pakagwa maliro, nthambi ziikidwa pamseu, mbale ya chipepeso iyenda khomo ndi khomo, ndipo amayi amene sanadziwe ngakhale mfunda wa womwalirayo agona pasiwa. M'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, pafupi ndi Zingwangwa, anthu anakumba ndi makasu ndi manja kufuna anansi amene sanali a mtundu wawo. Wofufuza amene afuna kudziwa umunthu wa pakati pa alendo akadaupeza pamenepo woposa wa m'mwambi uliwonse.

Koma m'makwalala omwewo, munthu akapfuula kuti "Wakuba!", khamu lithamanga ndi miyala, ndipo nthawi zina lifika pa kutentha wogwidwayo apolisi asanabwere. Mukafunsa pambuyo pake, yankho limveka lomwe lija: "Ameneyo sanali munthu." Mau ndi omwewo a kumudzi, koma khomo lobwererapo palibe, pakuti wogwidwayo alibe malume pafupi womuimira, ndipo omugwirawo sadzaonana ndi amake. Chidzudzulo chasanduka chiweruzo cha imfa. Ganizo la Menkiti limveka lokoma m'chipinda chophunzirira. Pa msika wa Ndirande liyenera kuyankha funso ili: ngati umunthu ukhoza kulephereka, ndani ali ndi mphamvu yakunena kuti uyu walephera, ndipo amene walepherayo atsala ndi chiyani? Buku loyamika umunthu losafika pa funso limeneli latha msanga.

Ife tiyesa kuti galamala yomwe ithandiza pano, ofufuza akaitchera khutu. Pali manenedwe atatu amene anthu awasakaniza, koma kulemera kwake nkosiyana. Loyamba: "Alibe umunthu." Apa mwininkhani akhalabe m'gulu la anthu, mgwirizano wake ndi a-, ndipo chimene asowa ndi chinthu chimene akhoza kuchipeza, monga wopanda mchere aupeza mawa. Lachiwiri: "Si munthu." Apa "si" akana dzina lenileni. Lachitatu ndi loopsa koposa, ndipo silitchula umunthu konse: "Chagwidwa! Chimenyeni!" Mgwirizano wachoka ku gulu la munthu nulowa ku gulu la chinthu, ndipo wonenayo sazindikira kuti lilime lake lachita kale chimene manja ati achite.

Tichenjeze pano, pakuti taona ophunzira ena athamanga ndi mfundo yotere nagwa nayo. Gulu la dzina pa lokha siliweruza ulemu. Timati "mfumu yabwera", "nkhalamba yadwala", "chiphadzuwa chafika", ndipo palibe wanyozedwa. Choyenera kuyang'ana ndi kusuntha: pamene munthu amene dzulo tinati "wabwera" lero titi "chabwera". Kusuntha kumeneku sikupezeka m'buku la matanthauzo, kapena m'mndandanda wa miyambi. Kumveka pakamwa pa anthu, pa nthawi yake, ndipo wofufuza ayenera kukhalapo ndi kope lake.

Ophunzira zinenero anayamba kale kupita kutauni. Francis Moto analemba m'chaka cha 2001 za kalankhulidwe katsopano ka achinyamata, kamene ena akatcha Chibrazi. Chimene tipempha nchakuti a filosofi atsate mapazi amenewo, ndi kufunsa mafunso awo pa Chichewa cha m'minibasi ndi cha pa chigayo, chosakanizika monga chiliri, osati pa Chichewa chosankhidwa cha agogo chokha.

Chodandaulitsa china tichitchula mwachidule. Mabuku onsewa, onena za Chichewa, alembedwa m'Chingerezi, ndipo ambiri asindikizidwa kunja pa mtengo umene mphunzitsi wa ku Bangwe sangaufike. Eni mau sangathe kutsutsa zimene zanenedwa za mau awo. Koma Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene unatuluka m'chaka cha 2000, unaonetsa kuti chinenero chathu chikhoza kudzimasulira chokha. Sitiona chifukwa chimene nzeru zakuya zingalephere kutero.

Inu aphunzitsi muli pafupi ndi umboni umenewu koposa wofufuza aliyense. Lembani pa bolodi ziganizo zitatu zija, mufunse ana kuti anazimva kuti, ananena ndani, kunena yani, ndipo chinatsata nchiyani. Maina a anthu musalembe. Mufunsenso ana a Chilomwe, a Chiyao ndi a Chisena ngati kwawo asiyanitsa "alibe umunthu" ndi "si munthu" monga tichita ife, kapena ali ndi njira ina. Akatekisiti amene ayendera odwala ndi ofedwa achite chimodzimodzi ndi mau amene amva pasiwa. Zimene mudzapeza mutitumizire, ndipo tidzaziika m'masamba awa monga mwazilembera, pamodzi ndi dzina la dera limene munazimva.