Amonke okhala okha m'nkhalango za ku Russia

Tchalitchi cha Orthodox ku Russia chili ndi mwambo wakale woti mmonke wokhwima m'mapemphero amapempha chilolezo kwa mkulu wake n'kukakhala yekha kutchire. Waulesi sangaukwanitse moyo umenewu. Munthu amadzilimira ndiwo, amadziwazira nkhuni chisanu chili tsoo, ndipo nthawi yotsalayo imathera pa Masalimo ndi Uthenga Wabwino.

Mmodzi mwa amonke otere, Seraphim wa ku Sarov, wobadwira ku Kursk, analowa m'nkhalango mu 1794. Kanyumba kake ka mitengo kanali m'mbali mwa mtsinje wa Sarovka, ndipo anali ndi kadimba komanso ming'oma ya njuchi. Pakutha pa mlungu ankabwerera kwa amonke anzake kukapemphera nawo n'kutengako buledi.

Tsoka lake linachokera kwa anthu a m'dera lomwelo. Mu 1804 amuna atatu, poganiza kuti alendo amamusiyira ndalama, anamupeza akudula nkhuni. Seraphim anali bambo wa dzitho, nkhwangwa ili m'manja, koma anangoiika pansi. Amunawo anamumenya nayo m'mutu, kumuthyola nthiti, n'kumusiya ali thapsa. M'kanyumbamo anangopezamo chithunzi cha Maria ndi mbatatesi zochepa.

Achifwambawo atagwidwa, Seraphim anawachonderera kwa akuluakulu, nati akalangidwa iye achokako ku Sarov. Kulimba mtima kotere n'kosowa. Kuyambira pamene anamenyedwa paja ankayenda chowerama, akutsamira ndodo, mpaka anamwalira mu 1833. Tchalitchi chinamuika m'gulu la oyera mu 1903, pamwambo umene Mfumu Nicholas II inapezekapo.