Ng'oma ya Zimphona za M'matope a Mwanza

Ilire ng'oma! Ilire mbalule! Ilire mpaka imveke pa Zalewa, pamene Shire amawerama podutsa kunsi kwa mlatho. Ilire mpaka aimve a ku Zóbuè, tsidya lija la chipata. Amayi, nthungululu! Anyamata, lambulani bwalo, ana achoke panjira, pakuti lero tikuitana zilombo zachitsulo, zakumwa dizilo, zopuma utsi, zoponda ndi mapazi onse anayi. Lero tizitchula mayina. Lero tiona mwini bwalo.

Bwalo lake ndi Mwanza. Mwanza wa manachesi, Mwanza wa nandolo, Mwanza khomo la dziko. Mwanza wa Inkosi Kanduku, wa Nthache, wa Govati. Mwanza make wa Neno, amene anampatsa mbale zake mu 2003 nati kaphike wekha. Mwanza wa nkhope ziwiri. Nkhope ina ndi phula la M6, pamene mathanki a mafuta ochokera ku Beira amabuula usiku wonse, pamene obwera ku Joni amalowera ndi zikwama zothina. Nkhope ina ndi fumbi, miyala ndi zigwembe. Siya phula, khotera ku Thambani, khotera ku Kunenekude, khotera ku Tulonkhondo. Kumeneko galimoto siinama. Kumeneko imaulula mtundu wake.

Koma gule sayamba mizimu isanalawe ufa. Landirani nsembe, a Land Rover, gogo wa 1948, wobadwira ku Solihull. Munasenza bwanamkubwa, munasenza wapolisi, munasenza wansembe ndi mankhwala ake misewu ikali njira za mbuzi. Ng'anjo imene inkasula Defender wakale inazima mu 2016. Gonani, gogo. Ana abwera.

Tulukira, Hilux! Iwe njati ya m'chigwa, nyanga zopindika, wosabwerera m'mbuyo. Iwe wa 1968, wokalamba wopanda imvi. Iwe wosulidwa ku Prospecton, m'mphepete mwa nyanja ya Durban, wolowa m'dziko podzera pakhomo pathu pompano ngati mkwatibwi, ife tikukupenya. Iwe wa mayina ambiri ngati mfumu: ena akuti Vigo, ena akuti D-4D, ana a lero akuti GD-6. Ndiwe matola a Loweruka. Ndiwe wosenza matumba 20 a chimanga, pamwamba pake nkhuku, pamwamba pa nkhuku njinga, pamwamba pa njinga kondakitala. Ndiwe wa pa ukwati, amayi akuimba kumbuyo. Ndiwe wa pa maliro, masamba atamangidwa kutsogolo. Ndiwe wa pa kampeni, zimkuzamawu zili pamutu, ndipo susankha chipani.

Ndani sakudziwa? Chipululu cha Chad chikukudziwa, pakuti nkhondo ya 1987 inatenga dzina la banja lako iwe ndi mkulu wako Land Cruiser mutathamangitsa akasinja a Libya. Mchenga wa Peru ukukudziwa, mchenga wa Saudi Arabia ukukudziwa, pakuti mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023 unatenga chikho cha Dakar, Nasser Al-Attiyah ali pa chiwongolero. Ndirande akukudziwa, Limbe akukudziwa, pakuti ukathyoka mwendo m'mawa, masana chitsulo chako chapezeka, madzulo uli paulendo. Injini ya malita 2.8, mphamvu yokokera 500 Nm, madzi ofika masentimita 70 uwoloka mutu uli m'mwamba. Njati! Njati ya aliyense! Ukakalamba mtengo wako sukalamba, ndipo akuba nawonso amakulota.

Dzuka, Ranger! Mkango wa ku Silverton, mwana wa Pretoria, chifuwa tambalale, maso ngati mphenzi ya Disembala. Ukabangula agalu a pa Boma amalowa m'khitchini. Unabangula kale ndi masilinda asanu a 3.2, chilombo cha mawu osafanana ndi china. Wabangulanso kuyambira 2022 ndi V6 ya malita 3.0, mphamvu yake 600 Nm, anzako onse a msinkhu wako ali zyoli. Wowoloka masentimita 80 a madzi. Wokoka makilogalamu 3,500 ngati wanyamula chipewa. Akumangirire ngolo pa Zalewa, akweze jenereta, akweze simenti, akweze thalakitala yaing'ono, uone chitunda chokwera ku Mwanza chikuwerama chokha. Mkati mwako muli phee ngati m'nyumba ya mfumu. Mpando wako ndi wa bwana, tayi sachita fumbi. Mkango! Koma mkango ukadwala sufuna sing'anga wa pansi pa mtengo wa mango. Ufuna kompyuta, ufuna Blantyre, makilomita ngati 100 uli pamsana pa mnzako. Ulemu wako ndi umenewo: mfumu siichizidwa pabwalo.

Yandikira, D-Max! Nkhunzi ya pagoli, wosalankhula pantchito. Makolo athu ankakutcha KB, ndipo ngakhale unasintha dzina mu 2018, akuluakulu akali kukutcha KB mpaka lero, monga mayi saleka kuitana mwana dzina la paubwana. Wochokera ku Gqeberha, kumene matchona ankati Port Elizabeth. Magazi ako ndi a malole, pakuti Isuzu ndi mbumba ya malole, ndipo injini yako ya malita 3.0 imalira molemera, gudu gudu gudu, ngati mtondo wa m'bandakucha. Suthamangira kutchuka. Pa pepala uli ndi 450 Nm, wachitatu pamzere, koma 3,500 yomweyo ukoka, masentimita 80 omwewo uwoloka. Bwenzi la mlimi, mlamu wa wogula nandolo. Wosenza feteleza mu Novembala, wosenza madengu a manachesi mu Juni, msana uli gwa. Wonyambita dizilo ngati mphaka pa mkaka. Masiku amene mizere ya mafuta imagona pamsewu, zigubu zili ndandanda, mwini wako yekha ndiye amagona tulo.

Imani kaye, oimba ng'oma, ndinene ndi madalaivala. Atatu onsewa alumbira pa 3,500, kulemera kwa matumba 70 kuwerengera ndi ngolo yomwe. Lumbiro limenelo ndi la ngolo ya mabuleki ake. Ngolo yopanda mabuleki malire ake ndi 750. Pokwera ngolo ndi mwana, imatsata. Potsika ngolo ndi mfiti, imakankha. Wotsetsereka kulowera ku Shire atadzaza mpaka pakamwa, phazi lili pa buleki, giya ili pamwamba, adzamva fungo la chitsulo chopsa asanaone mlatho. Basi. Ibwerere ng'oma!

Nawe Hardbody, bulu wa ku Rosslyn, usabisale kumbuyo. Bulu wosatamandidwa, bulu womenyedwa, bulu wofika. Masipiring'i ako anagona chagada kalekale, chitseko chako chimatsekedwa ndi waya, koma ukuyendabe. Ndikutame ndi mtima wonse? Ndikadatero, pakadapanda matumba a makala amene wasenza usiku, mapiri athu n'kutsala mbee ngati mutu wometedwa pa maliro. Mlandu si wako, bulu sasankha katundu. Dutsa. Dutsa nawe Navara mng'ono wake, woyenda monyang'wa pa masipiring'i opota. Dutsa Triton, nyalugwe wa chiuno chopyapyala. Dutsa Mahindra, mlendo wa ku India womangidwira ku Durban, wa nkhope yosakongola ndi mtengo wokoma.

Tamva mbiri ya anamgumi a ku America. Tamva za F-350 ndi Power Stroke yake ya malita 6.7. Tamva za Ram ndi Cummins yake, za Silverado ndi Duramax yake. Akuti amakoka matani opitirira 10 osatuluka thukuta, akuti ena ali ndi matayala anayi kumbuyo kokha. Tawaombera m'manja ali kutali. Koma namgumi ndi wa m'nyanja yamchere. Chiwongolero chake chili kumanzere, chiuno chake sichikwana pa kamlatho ka mitengo, mimba yake siikhuta ndi chigubu chimodzi. Abwere m'Wamkulumadzi tione ngati atembenuka.

Tsono mitambo yadera ku mapiri a Kirk. Tsono mphepo yanunkha dothi. Walira mvula walira matope! Anabwera namondwe Ana mu Januwale 2022, anabwera namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo chaka chilichonse imabwera mvula yopanda dzina imene siilembedwa m'nyuzipepala. Mtsinje wa Mwanza wafufuma. Wamkulumadzi wakwiya, wasenza mitengo ndi mizu yomwe. Njira yasanduka phala. Sitima ya malasha yochokera ku Moatize ikudutsa pa njanji yake kupita ku Nacala, yosapenya kumbali, yosadziwa kuti pansipa anthu atitimira. Apa pepala latha ntchito. Apa manambala anyowa.

Chete, bwalo lonse. Vulani zipewa. Wawa! Wawa, Gogo Chalo!

Inu a Land Cruiser 79. Inu njovu, mwini nkhalango, woponda pamodzi pakhale chitsime. Inu a chitamba choimirira pambali pa galasi, chopumira kumwamba kumene fumbi silifika. Inu a mbumba ya 70, yotuluka ku Japan mu 1984, yosasintha nkhope pofuna kukondweretsa ana. Inu a ngodya zinayi ngati bokosi la mfumu. Inu a mafupa awiri achitsulo, lina kutsogolo lina kumbuyo, ouma gwa kuchoka tayala kufika tayala, oti mwendo wina ukakwera mwala wina ukhale ukugwirabe pansi. Inu thanthwe la Thambani loyenda ndi matayala. Inu phiri losamuka.

Amati tsobola wakale sawawa. Abwere alawe! Mtima wanu ndi 1HZ, masilinda 6, malita 4.2, wopanda turbo, wopanda matsenga. Pa pepala muli ndi 285 Nm basi, osafika ndi theka la mkango uja. Aseke a mapepala. Pampu yanu ndi yachitsulo, imamva sipanala, imamva chilankhulo cha makaniko wa pa Boma amene sanaonepo kompyuta. Ena mwa ana anu anavala V8 ya malita 4.5 mu 2007, adzukulu avala 2.8 yosintha yokha magiya, koma wa kumudzi akamva kulira kwa 1HZ usiku amadziwa kuti thandizo lafika.

Inde, pa phula ndinu nkhalamba. Inde, ka Sienta kodzaza anthu kamakupitirirani pa M6 kakuliza hutala. Inde, mumagwedeza impso, mumatayitsa thobwa, wokhala kumbuyo amatsika akuyenda ngati wavina ngoma usiku wonse. Inde, mumamwa, ndipo mtengo wanu ndi wa nyumba ya malata ndi mpanda womwe. Njovu siipikisana ndi kalulu. Njovu siifunsa njira. Njovu ndiyo njira.

Ndani amatenga mayi wa pakati usiku wa mvula kuchoka ku Thambani kupita ku chipatala cha pa Boma? Mbale wanu wa denga, woyera, wa mtanda pambali. Ndani anakwera ku Kapise mu 2016 ndi mahema ndi madotolo, abale athu a ku Tete atathawa mfuti? Mbumba yanu. Ndani amasenza mapaipi a mjigo, mabokosi a katemera, mabokosi a mavoti, kukafika kumene foni imangoti zii? Inu, inu, inu nokha! Njati ikatitimira imaitana inu. Mkango ukamira mpaka m'chifuwa umaitana inu. Nkhunzi ikagwada, goli lili m'thope, imaitana inu. Nanga inu mukatitimira muitana yani? Mudzi wonse ndi makasu, ndipo tsiku limenelo ana adzalikamba mpaka atakula.

Taonani pa chigwembe paja, mwezi wa Febuluwale, dzuwa litapendeka. Wina wonyezimira wakhala pansi, mimba ili thapsa m'matope, matayala akungopota ngati mwana wolira. Sindimtchula dzina, ali ndi abale pabwalo pano. Bwana wake waima pa chulu, nsapato zili m'manja, foni ili m'mwamba. Anyamata akankha, atopa. Aika masamba, aika miyala, ayi ndithu.

Kenaka du, du, du, du, kuseri kwa chitunda. Ana ayamba kuthamanga. Yatulukira njovu, matope mpaka pa denga, kumbuyo kuli matumba ndi amayi atatu ofunda pulasitiki. Dalaivala watsika osafulumira, wapereka moni kwa akulu, wawerama pa tayala lakutsogolo, wapotokola habu, wazungulira, wapotokola inzake. Wakwera. Wakoka kandodo kakang'ono kaja, giya ya ukali yalowa, khotyo! Chingwe chamangidwa. Chingwe chawongoka. Chingwe chalira ngati nsinga ya uta.

Imbani! Imbani mbalule! Njovu yaponda kamodzi, dziko lanjenjemera. Yaponda kawiri, thope lasanza. Yaponda kachitatu, fwaa, wonyezimira uja watuluka akudontha ngati nkhuku yogwera m'chitsime! Nthungululu, amayi! Fumbi palibe, vinani m'matope momwemo! Bwana watulutsa chikwama, dalaivala wapukusa mutu. Gogo wina wathyola mondokwa zinayi m'munda wa pambali, waponya kumbuyo pamwamba pa matumba. Chingwe chakulungidwa. Nyali zayaka. Du, du, du, du, kukwera ku Thambani, kumene mtambo wina wayamba kale kuda.