Mankhwala ndi Chiwembu mu Sewero la Zhen Huan Zhuan

Sewero la pa kanema la ku China lotchedwa Zhen Huan Zhuan, lomwe kunja limadziwika ndi dzina lakuti Empresses in the Palace, linaonetsedwa koyamba mu 2011 ndipo lili ndi zigawo 76. Analitsogolera ndi Zheng Xiaolong potengera buku la mlembi Liu Lianzi, ndipo nkhani yake anaiika m'nthawi ya Yongzheng, mfumu ya mzera wa Qing yomwe inalamulira kuyambira 1722 mpaka 1735. Likusimba za mtsikana Zhen Huan, yemwe mbali yake anasewera ndi Sun Li, amene asankhidwa kukhala mmodzi wa akazi ambiri a mfumu ndi kukwera pang'onopang'ono mpaka kufika pokhala mayi wa mfumu yotsatira. Ambiri amalitamanda chifukwa cha zovala ndi mawu aulemu okuluwika, koma luso lake lalikulu lagona pa mmene limagwiritsira ntchito mankhwala, pakuti m'nyumba yomwe mkazi sangagwire lupanga kapena kutuluka pachipata, mbale ya mankhwala owiritsa, mafuta odzola ndi zofukiza ndizo zimagwira ntchito imene nkhondo imagwira m'masewero ena a mbiri yakale.

Malamulo a m'nyumba yachifumu ndiwo amapatsa mankhwala mphamvu imeneyi. Udindo wa mkazi aliyense umadalira kwambiri kubereka mwana wamwamuna, motero mimba ya mmodzi ndi chiopsezo kwa akazi anzake onse, ndipo amuna okhawo osafulidwa amene amaloledwa kufika kawirikawiri m'zipinda za akaziwo, kupatula mfumu, ndi asing'anga a bungwe la Taiyiyuan, lomwe linalikodi ndipo linkayang'anira umoyo wa banja lachifumu. Sewero limaonetsa mwambo wa kupima wodwala mobwerezabwereza ndiponso mosafulumira: sing'anga agwada, ayala kansalu kopyapyala padzanja la mkaziyo kuti asakhudze khungu, aika zala zake pamtsempha ndi kumvetsera mmene ukugundira, pomwe kamera ikuyang'ana nkhope yake osati ya wodwalayo. Woonera amazindikira msanga kuti zimene zalazo zamva ndi zimene pakamwa panene sizifanana nthawi zonse. Zhen Huan atangofika m'nyumbamo apempha sing'anga Wen Shichu kuti am'patse mankhwala omuonetsa ngati wodwala kuti mfumu isamuitane, ndipo mnzake wapamtima Shen Meizhuang ataya chisomo cha mfumu pamene sing'anga wogulidwa amuuza kuti ali ndi pakati pomwe alibe.

Chimene olemba anachigwira bwino ndi nthawi. Chiphe chopha pompopompo chimathetsa nkhani m'chigawo chimodzi, pomwe mankhwala ogwira ntchito pang'onopang'ono amalola kuti choyambitsa ndi chotsatira zitalikirane ndi zigawo zambiri, kotero kuti woonera amayamba wakhulupirira bodza limodzi ndi anthu a m'seweromo. Zhen Huan atakandidwa pakhosi ndi mphaka ali woyembekezera, An Lingrong, yemwe amamutcha mchemwali wake, am'bweretsera mafuta onunkhira ochotsa chipsera, ndipo kamera ionetsa kabotolo kokongola ndi chala chikupaka mafutawo pabala popanda nyimbo iliyonse yochenjeza. Patapita nthawi Zhen Huan apita padera atakakamizidwa ndi mkazi mnzake Hua Fei kugwada padzuwa, ndipo aliyense, woonera yemwe, aloza chala Hua Fei. Choonadi chidzatulukira mtsogolo ndithu, pamene Wen Shichu anunkhiza mafuta otsalawo ndi kupezamo musk, chinthu cha fungo lamphamvu chochokera m'kathumba ka pamimba pa nyama yamphongo yonga gwape, chomwe mabuku akale a zamankhwala a ku China amaletsa amayi apakati. Apa woonera amakakamizidwa kubwerera m'mbuyo m'maganizo ndi kuonanso mwatsopano mphatso iliyonse imene anaiona ikuperekedwa ndi manja awiri.

Nsonga ya luso limeneli ndi zofukiza zotchedwa Huanyi xiang, zimene mfumu inapereka kwa Hua Fei yekha monga chizindikiro cha chikondi chake. Hua Fei, yemwe Jiang Xin anam'sewera ndi ukali wosakanikirana ndi kusungulumwa, amanyadira fungoli, amalifukiza usana ndi usiku, ndipo utsi wake umaoneka m'chithunzi pafupifupi nthawi iliyonse imene nkhani yafika kunyumba kwake, mpaka diso la woonera limautenga ngati chokongoletsa chabe. M'zofukizamo muli musk wambiri, woikidwamo mwa lamulo la mfumu yomweyo, chifukwa mlongo wake wa Hua Fei ndi kazembe wankhondo Nian Gengyao, ndipo mwana wamwamuna wa banja limenelo akanakhala chiopsezo pampando. Asing'anga onse akudziwa koma palibe amene atsegula pakamwa. Mkazi amene wakhala akuzunza anzake chifukwa chowawidwa mtima ndi kusabereka amva zimenezi kuchokera kwa Zhen Huan pa tsiku lake lomaliza, ndipo adziwombetsa mutu kukhoma. Ndi chinthu chimodzi chokha chofukizidwa m'mbale yamkuwa, sewero lasamutsa mlandu kuuchotsa pa nsanje ya akazi a mitala ndi kuuika pa mwini mitalayo, ndipo lachita zimenezi popanda munthu aliyense kulalikira. M'mbiri yeniyeni mlongo wa Nian Gengyao anabereka ana anayi, ngakhale kuti onse anamwalira ali aang'ono, kotero zofukizazi n'zopeka, koma ndi kupeka kumene kumaulula bwino mmene ulamuliro wotere unkaonera thupi la mkazi.

Zina mwa ziwembuzi zimadutsa m'khitchini, pakuti m'chiphunzitso cha mankhwala a ku China chakudya ndi mankhwala sizisiyanitsidwa kwambiri. Khanda Wenyi lidwalitsidwa ndi ufa wa chinangwa wothiridwa m'chakudya chake pofuna kunamizira Zhen Huan, ndipo aliyense amene amadziwa chifukwa chake chinangwa chowawa chimaviikidwa m'madzi masiku angapo chisanadyedwe amamva kuopsa kwa chigawochi popanda womufotokozera. Mfumukazi Yixiu, yemwe Ada Choi anam'sewera ndi nkhope yofatsa ngati ya mayi wachifundo, amadziwa zamankhwala, ndipo pomaliza zidziwika kuti anapha mkulu wake Chunyuan mwa kusintha njere zina m'chakumwa chake pamene ankamusamalira ali ndi pakati.

Chigawo chotchuka kwambiri ndi cha kuyesa magazi. Zhen Huan akunenezedwa kuti mwana wake wamwamuna ndi wa Wen Shichu, ndipo aweruza kuti madontho a magazi a mwanayo ndi a sing'angayo agwetsedwe m'mbale ya madzi, malinga ndi chikhulupiriro chakale chakuti magazi a pachibale amasakanikirana. Chikhulupiriro cha mtundu umenewu chimapezeka ngakhale m'buku la Song Ci la mu 1247 lonena za kufufuza imfa, ngakhale kuti sayansi ya masiku ano sichivomereza. Olemba sanafune kuti woonera akhulupirire kuyesaku. Anafuna kuti aone mbale imodzi ikunyamula mabodza angapo nthawi imodzi. Magazi asakanikirana chifukwa madziwo athiridwa alum, mchere wina woyera, ndipo Zhen Huan atazindikira zimenezi aonetsa kuti magazi a munthu wina aliyense akusakanikiranso momwemo. Woonera komabe akudziwa zimene mfumu sikudziwa: mwanayo si wa mfumu ndithu, ndi wa mng'ono wake wa mfumuyo, ndipo Wen Shichu, amene wapezeka wosalakwa pa mlandu uwu, ndiye bambo wa mwana amene ali m'mimba mwa Meizhuang. Kamera imasinthasintha pakati pa mbale yoonetsedwa kuchokera pamwamba ndi nkhope za akazi okhala m'mizere iwiri, ndipo mantha a woonera amachokera poti akufunira zabwino munthu amene akunama.

Sewero lina lodziwika la nkhani zofanana, Dae Jang Geum la ku Korea la mu 2003, limaonetsa udokotala ngati njira imene munthu wolungama amakwerera ndi kupulumutsa ena. Mu Zhen Huan Zhuan kuchiritsa kulipo, monga pamene Wen Shichu apeza mankhwala a mliri umene wagwira Meizhuang, koma ngakhale pamenepo asing'anga anzake awiri amubera njirayo ndi kukalandira ulemu. Wen Shichu, yemwe anaseweredwa ndi Zhang Xiaolong, amenenso anaphunzitsa osewera anzake miyambo ya ulemu ya nthawiyo, ndiye munthu wokoma mtima koposa m'nkhaniyi, ndipo mathero ake ndi kudzifula yekha kuti atseke pakamwa omuneneza.

Pali zofooka zimene sizingabisike. Musk amabwera kambirimbiri, m'zofukiza, m'mafuta, ngakhale m'mkanda wofiira umene Yixiu apatsa mkazi wina wachitsikana, mpaka chimene chinadabwitsa poyamba chimasanduka njira yachidule imene olemba amathawirako akafuna kuchotsa mimba m'nkhani. Mphamvu zimene seweroli limapereka kwa musk ndi kwa duwa lofiira lotchedwa honghua, lomwe Hua Fei anamwetsa mkazi mnzake Duan Fei mokakamiza ndi kumuumitsa moyo wake wonse, n'zokokomeza kwambiri, ndipo mankhwala akayamba kugwira ntchito mosalephera chonchi amaleka kukhala mankhwala n'kufanana ndi matsenga a m'nthano. Woonera amene angatenge seweroli ngati phunziro la zitsamba za ku China angasokere. Imfa ya mfumu ili pamaziko olimbirapo, chifukwa Yongzheng weniweni ankakondadi mankhwala a ansembe a chipembedzo cha Dao olonjeza moyo wautali, ndipo akatswiri ena a mbiri amaganiza kuti ndiwo anamupha mu 1735. Sewero limangowonjeza dzanja la mkazi, Ye Lanyi, lomwe likumupatsa mibuluyo mofatsa monga mmene mfumuyo inaperekera zofukiza zija.

Kuti luso lonseli limadalira kutalika kwa nthawi zinaoneka mu 2015, pamene seweroli linadulidwa kukhala zigawo 6 za mphindi pafupifupi 90 chilichonse ndi kuikidwa pa Netflix kuti lionedwe ku America. Zochitika zikuluzikulu zambiri zinatsalamo, koma mpata wa pakati pa kupereka mphatso ndi kuululika kwa chimene chinali m'kati mwake unafupika kwambiri, kotero woonera analibe nthawi yozolowera fungo la kunyumba kwa Hua Fei kapena yokhulupirira ubwenzi wa An Lingrong asanauzidwe kuti zonsezo zinali chiphe.