Foni ya M'nkhani Zathu Ndi ya Yani?

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikusunga nkhani zazifupi za Chichewa zotuluka m'nyuzipepala za kumapeto a sabata, kuphatikizapo zomwe alembi timatumizirana pa WhatsApp. Nditazisanthula tsiku lina, ndinaona kuti foni ya m'manja imapezekamo kawirikawiri, koma ntchito yake ndi imodzi basi: kupasula mabanja. Bambo alowa kubafa, foni ilira, mayi awerenga uthenga wa chibwenzi, nkhondo ibuka. Alembife tayiyesa foni bokosi la zinsinsi za munthu mmodzi, ndipo munthuyo amakhala wa m'tauni, wa kangachepe m'thumba, wodziwa Chingerezi.

Kwathu kuno ku Ntcheu foni yotereyo njosowa. Ntchito yanga ya m'boma imandiyendetsa m'midzi ya ku Tsangano, ku Lizulu mpaka ku Bwanje, ndipo chimene ndimaona ndi kafoni kamodzi ka mabatani kotumikira mabanja anayi kapena asanu. Kakatha moto kamapita kukagona pagolosale ya sola. Paja kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi.

Azakhali anga ali ndi mwana ku Johannesburg amene amawatumizira ndalama pafoni. Iwo kuwerenga sadziwa. Poyamba ankapereka foni ndi nambala yachinsinsi yomwe kwa mnyamata wina wa pamsika, ndipo kwa miyezi ingapo ndalama zinkafika zoperewera osadziwa. Zitaululika, amayi a banki m'khonde ya m'mudzimo anagwirizana kuti mtsikana wina wa Fomu 2 aziwawerengera mauthenga pansi pa mtengo wa mango, ndi kuwaphunzitsa kutayipa okha manambala anayiwo. Azakhali anatenga mwezi wathunthu kuti chala chizolowere. Musaganize kuti zonse zinakoma. Ndalama ikangolowa mudzi wonse umadziwa, ndipo angongole amafika nsima isanapse. Ndikufunsa alembi anzanga: kodi manyazi a mayi wamkulu wophunzitsidwa ndi mdzukulu wake, kukhulupirirana ndi kukayikirana kwa anthu obwerekana foni, si nkhani yonona kuposa ya bambo wa kubafa uja?

Munthu wina amene sapezeka m'mulu wanga wa nkhani ndi wothawa kwawo. Izi zimandidabwitsa, poti ife a ku Ntcheu tinakulira limodzi ndi othawa nkhondo. Kuyambira mu 1986 anthu a ku Mozambique anakhamukira kuno, makamaka m'madera ngati Biriwiri, kumene msewu wa M1 ndiwo malire a mayiko awiriwa. M'dziko lonse anaposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri anabwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Ndili ku pulayimale tinkaunjikana asanu pa buku limodzi, awiri mwa ife ochokera kutsidya. Makolo awo pofunafuna abale osowa ankadalira makalata a Red Cross, ndipo wowalembera anali aliyense wodziwa kugwira cholembera m'mudzimo. Kale chomwe chinkawatsekereza chinali kalata, lero ndi foni, koma wowatsegulira khomo akadali mnansi yemweyo.

Umboni uli ku Dzaleka m'boma la Dowa. Malowa anali ndende m'nthawi ya Kamuzu, ndipo mu 1994 anasanduka msasa wa othawa kwawo. Pofika 2023 munali anthu oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kumeneko Remy Gakwaya wa ku Burundi anayambitsa TakenoLAB, yophunzitsa achinyamata kupanga mapulogalamu a kompyuta. Poyamba makompyuta anali osakwanira, choncho ophunzira ankayeserera kutayipa pa mapepala osindikizidwa chithunzi cha mabatani a kompyuta. Mnyamata wogogoda pepala usiku, akuyeserera zilembo zomwe sizikuoneka paliponse! Achikhala kuti John Gwengwe kapena Willie Zingani anakumana ndi zoterezi, sindikhulupirira kuti akanazisiya zipite.

Ena adzati mlembi amalemba zimene akudziwa. Ndikuvomera, komatu ambirife tili ndi azakhali kumudzi, ndipo ndife amene timatumiza mauthenga omwe iwo amalephera kuwerenga. Vuto nlakuti timalembera anzathu a pa WhatsApp, amene amakonda nkhani yothamanga ndi yoseketsa, mpaka taiwala kuyang'ana kumene uthengawo ukufikira.

Nanenso ndinayesa kulemba nkhani ya azakhali, ndipo ndinakawawerengera amayi aja pansi pa mango pomwepo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka mmodzi anati, "Achimwene, mwalemba bwino, koma mwanama pamodzi. Mwanayu satchulanso ndalama mokweza. Chiyambire chaka chatha amachita kunong'oneza mwini wake kukhutu." Ndime imeneyo ndikuilembabe.