Mzinga wa Orban ukutsutsa chikuto cha buku la 1453

Buku la Roger Crowley lonena za kugwa kwa Constantinople, lomwe linatuluka mu 2005, lili ndi mayina awiri. La ku Britain limangonena za kuzingidwa komaliza kwa mzindawo. La ku America likuti inali nkhondo yopatulika pakati pa Chisilamu ndi maiko a azungu. Bukuli ndimalikonda, koma dzina lachiwirili ndiye ayi. Nkhani zimene zili mkatimo zikulitsutsa.

Taonani za Orban, katswiri wosula mizinga wa ku Hungary. Poyamba anakafuna ganyu kwa mfumu Constantine XI, Mkhristu mnzake, koma mfumuyo inalibe ndalama zomulipira. Basi munthu anawolokera kwa Mehmed II, n'kumusulira chimzinga cha mamita pafupifupi 8 chogumulira linga. Amene ankakumba njira zapansi kuti alowe mumzinda anali Akhristu a ku Serbia, ozolowera migodi ya ku Novo Brdo. Mkati mwa linga namo munali Orhan, kalonga wa banja la Mehmed lomwelo, akuteteza mzindawo ndi anyamata ake. Amalonda a ku Genoa okhala ku Galata, kutsidya kwa doko, anati iwo sali mbali iliyonse, poopa kuononga bizinesi.

Akhristu okhaokha nawo sankamwerana madzi. Mu 1439 ku Florence anagwirizana zophatikiza mpingo wa Orthodox ndi wa Roma, koma mwambo wa mgwirizanowo utachitika mu Hagia Sophia pa 12 Disembala 1452, anthu ambiri anayamba kuipewa tchalitchiyo. Nanga “maiko a azungu” aja anali kuti? England ndi France anali kalikiliki kumenyana okhaokha, mpaka nkhondo ya ku Castillon pa 17 Julayi 1453.

Chipembedzo chinalipo ndithu, sindikukana. Mbali zonse zinkapemphera usiku womaliza, ndipo mzinda utagwa pa 29 Meyi, patatha masiku 53, Hagia Sophia anaisandutsa mzikiti, anthu zikwizikwi n'kutengedwa ukapolo. Koma Mehmed yemweyo mu 1454 anaika Gennadios, amene ankadana ndi mgwirizano wa ku Florence, kukhala mkulu wa mpingo wa Orthodox.

Crowley amadziwa kukamba nkhani. Pamene Mehmed akukoka zombo pamtunda pa 22 Epulo pozemba unyolo wotseka doko, umaiwala zoti mathero ukuwadziwa kale. Chimene chimandidandaulitsa ndi mboni zake. Zambiri ndi Agiriki ndi Ataliyana, monga Nicolò Barbaro, dokotala wa m'zombo za ku Venice amene ankalemba zochitika tsiku ndi tsiku. Choncho a mkati mwa linga timawamva akuopa, akukangana, akulira. Msilikali wamba wa Mehmed timangomuona m'chigulu chothamangira linga, ndipo wowerenga sachedwa kumuyesa mdani wake.

Mu Julayi 2020 dziko la Turkey linabwezera Hagia Sophia kukhala mzikiti, ndipo 1453 inayambiranso kutchulidwa m'mikangano ya pa intaneti, aliyense akuikokera kwake. Mukalipeza bukuli liwerengeni, anzanga. Wina akadzakuuzani kuti inali nkhondo ya Asilamu ndi Akhristu basi, mudzamufunse kuti mzinga uja anasula ndani, ndipo n'chifukwa chiyani anasulira Mehmed.