MWANA PAMPANDO: MBALI IMENE ALEMBI ATHU AMAILAMBALALA

Aliyense wokulira m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota amaudziwa mkuyu umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863. Masewero ndi ndakatulo za mbiri zimene timawerengerana pabwalo lathu lino zili ngati mkuyuwo: patsinde pake pamakhala akuluakulu okhaokha, andevu zawo, akupimana mphamvu. Mfumu ya m'zolemba zathu imabadwa itagwira kale nthungo. Chonsecho m'mbiri yathu muli mafumu amene ufumu unawapeza akuumba ng'ombe zadothi.

Titenge Angoni a Maseko. Mputa atafera ku Songea, mwana wake Chikuse anali wamng'ono, tsono Chidyaonga, mbale wa Mputa, ndiye anagwirizira ufumu natsogolera anthu mpaka ku Domwe. Chikuse analowa ufumu Chidyaonga atatsikira kuli chete cha m'ma 1878. Koma nyumba imene yalawa mpando siiwala kukoma kwake. Chikuse atamwalira mu 1891, mwana wake Gomani anathirana nkhondo ndi Kachindamoto, mdzukulu wa Chidyaonga, amene pomaliza anakakhazikika ku Mtakataka.

Mupatseni nkhaniyi mlembi wa pakati pathu, athamangira kunkhondoko, chifukwa zishango ndi ngoma sizivuta kulemba. Koma sewero lenileni lili kumbuyo, m'zaka zimene mnyamata anakula akuuzidwa kuti mpando ngwake, uku akuona wina atakhalapo. Ankamugwadira ndani, nanga ankamukalipira ndani? Amayi ake ankagona tulo? Akulu akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Nanga mutu umene nkhonya zaupeza usanakule?

Pamenepa a ku Japan angatiphunzitse kanthu. Antoku anabadwa mu 1178, ndipo mu 1180 agogo ake aamuna, Taira no Kiyomori, anamuika pampando wachifumu kuti banja lawo lizilamulira m'dzina la khandalo. Banjalo litagonja pankhondo ya panyanja ku Dan-no-ura mu 1185, agogo ake aakazi anamunyamula nadziponya naye m'madzi, ali ndi zaka 6. Nkhaniyi ili mu Heike Monogatari, imene oimba akhungu ankayenda nayo akuliza choimbira cha nsambo chotchedwa biwa. Oimbawo anali ndi ankhondo otchuka ambirimbiri oti awatame, komabe pachimake pa nkhondoyo anaika mwana wosadziwa n'komwe kumene akumutengera. Sanamupakire nzeru za munthu wamkulu m'kamwa ayi. Anamusiya akhale mwana, ndipo umwana wakewo ndiwo umaweruza akulu onse omuzungulira.

Wina anganene kuti sitingalembe za Chikuse ali mwana popeza mbiri sinasunge mawu ake. Amenewo ndi mantha a wolemba mbiri, osati a mlakatuli. Pamene mbiri yakhala chete m'pamene ntchito yathu imayambira, bola tisanamizire mbiriyo zimene tapeka tokha.

Ndiponso nkhaniyi si yamakedzana yokha. Gomani IV atamwalira mu 2009, mwana wake Mswati anali asanakule, ndipo azakhali ake, Rosemary Malinki, anagwirizira ufumu mpaka mnyamatayo atavekedwa kukhala Gomani V mu 2012. Anthu amene anaziona zimenezi alipo, mwina ena tili nawo m'kalasi. Amene akufuna mutu wa sewero la chaka chino asavutike kusula nthungo zatsopano. Ayambe wafunsa chimene mwana amamva akaona nkhalamba ikumugwadira.