Mwambi Wopanda Mwini: Ndemanga pa Kasonkhanitsidwe ka Miyambi ya Angerezi

Angerezi anayamba kale kusonkhanitsa miyambi yao. John Heywood anasindikiza yake mu 1546, John Ray mu 1670, ndipo mu 1950 M. P. Tilley anatulutsa buku la miyambi ya zaka za pakati pa 1500 ndi 1700. Buku la Oxford Dictionary of English Proverbs, lomwe linatuluka mu 1935 ndi kutulukanso mu 1970 litakonzedwanso ndi F. P. Wilson, limandandalika pansi pa mwambi uliwonse zitsanzo za m'mabuku motsata zaka. Ntchito imeneyi tikuiyamikira, pakuti imasonyeza kuti miyambi yambiri yoyesedwa ya Angerezi inachokera m'Chilatini, m'Chifalansa ndi m'Baibulo.

Komabe njirayi ili ndi chilema. Imatiuza chaka chimene mwambi unalembedwa, koma kaŵirikaŵiri siitiuza amene ankaunena, kwa yani, ndiponso pa nkhani yanji. Titenge miyambi iŵiri. Wina umati manja akachuluka ntchito imapepuka. Unzake umati ophika akachuluka msuzi umaonongeka. Pa pepala imaoneka yotsutsana, mwakuti ena amafulumira kunena kuti nzeru za makolo n'zosokonezeka. Iwo amaiŵala kuti mwambi si lamulo, koma chida cha woyankhula. Woyambawo umaitana anthu ku ntchito, wachiŵiriwo umathamangitsa oloŵerera za eni. Nzeru yagona pa kusankha woyenera nthaŵiyo.

Pamenepa Heywood anawaposa omutsatira, chifukwa miyambi yake anaiika m'kamwa mwa anthu okambirana za ukwati. Tikumbukirenso kuti Lord Chesterfield, m'makalata ake osindikizidwa mu 1774, analangiza mwana wake kupeŵa miyambi poti ndi mayankhulidwe a anthu wamba. Ndiye kuti mwambi umaulula ngakhale udindo wa wounena, chinthu chimene mndandanda wa zaka suonetsa.

Mu 1964 Arewa ndi Dundes, pofufuza miyambi ya Chiyoruba, anatsindika mfundo yomweyi. Nafenso tikuti okonza mabuku a sukulu a Chicheŵa asatengere chilema cha Angerezi. Polemba "Mutu umodzi susenza denga", alembenso wonena, wouzidwa ndi bwalo lake. Kupanda kutero ana adzaloŵeza miyambi yambirimbiri, koma osadziŵa poiponya.